MGODI UKAIMA, MWINI WAKE NDANI?

METANGULA — Pansi pa minda ya chimanga ndi chinangwa m'chigwa cha mtsinje wa Lunho, m'dera la Maniamba, muli malasha. Akatswiri a miyala adalemba za malashawo kalekale, makampani adabwerapo kudzaboola nthaka ndi kutenga zitsanzo, koma kufikira lero palibe mgodi waukulu umene watsegulidwa mu distrito ya Lago. Achinyamata osowa ntchito amafunsa kuti mgodiwo udzatsegulidwa liti. Zimene zachitika ku Tete ndi ku Karonga, kutsidya la nyanja, zikuonetsa kuti pali funso lina lofunika kufunsidwa khasu la makina lisanagwe pansi: mgodi ukadzaima, dzenje lidzakhala la yani, ndipo malonjezo adzalipira ndani?

MALASHA SI MAKALA

M'Chipwitikizi mawu akuti carvão amatchula zinthu ziwiri, ndipo izi zimasokoneza anthu pamisonkhano. Makala ndi aja amatenthedwa kuchokera ku mitengo n'kumagulitsidwa m'matumba m'mbali mwa msewu wa ku Lichinga. Malasha ndi mwala wakuda wokumbidwa pansi, wopangika kuchokera ku zomera zimene zidakwiririka m'madambo zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo.

Chigwa chimene chimayambira ku Metangula kulowera kumpoto chakum'mawa, kumalire a Tanzania, chili ndi miyala ya mtundu umene akatswiri amautcha Karoo. Ndi mtundu womwewo umene uli ku Moatize m'chigawo cha Tete, ku Karonga ndi ku Rumphi m'dziko la Malawi, komanso ku Ngaka m'dziko la Tanzania, kumene mgodi udayamba ntchito mu 2011. M'miyala yomweyi ya ku Lago mudapezeka mafupa a kanyama kakalekale kamene mu 2013 akatswiri adakapatsa dzina lakuti Niassodon mfumukasi, potengera Chinyanja cha kuno.

Pamsika malasha amagawidwa pawiri. Ena amatenthedwa popanga magetsi ndi simenti, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Ena amagwiritsidwa ntchito posungunula chitsulo, ndipo awa ndiwo a ndalama. Makampani amene adathamangira ku Tete ankafuna amtundu wachiwiriwu.

MOATIZE IDAIMAPO KALE

Kuima kwa mgodi si nkhani yachilendo m'dziko lino. Pa nthawi ya atsamunda malasha a ku Moatize ankakumbidwa m'migodi ya pansi pa nthaka ndi Companhia Carbonífera de Moçambique. Mu 1976 ndi 1977 migodi iwiri ya Chipanga idaphulika ndipo anthu oposa 150 adafera pansi. Mu 1978 boma lidatenga migodiyo n'kukhazikitsa kampani yake, Carbomoc.

Nkhondo itakula m'zaka za m'ma 1980, njanji ya Sena yolumikiza Moatize ndi doko la Beira idaonongeka ndipo sitima zidaleka kuyenda. Malasha adangounjikidwa pabwalo, ntchito idazilala. Njanjiyo, yotalika makilomita pafupifupi 575, idadzayambanso kugwira ntchito cha m'ma 2010. Phunziro loyamba lidaonekera pamenepo: malasha opanda njira yopitira kudoko ndi mulu wa miyala chabe.

Nkhondo itatha mu 1992 padapita zaka zingapo asanabwere ogula. Mu 2004 kampani ya ku Brazil, imene idadzatchedwa Vale, idapambana mpikisano wa malo a Moatize. Mu 2011 idayamba kutumiza malasha kunja. Chaka chimenecho mtengo wa malasha osungunulira chitsulo udafika pa madola pafupifupi 330 pa tani imodzi, ndipo mzinda wa Tete udadzaza ndi alendo, nyumba za lendi zidakwera mtengo, magalimoto akuluakulu adadzaza mlatho wa Samora Machel.

BENGA: ENI ATATU M'ZAKA ZINAYI

Pafupi ndi pamene mtsinje wa Revúboè umathira mu Zambezi, mu distrito ya Moatize, pali mgodi wa Benga. Ndi mgodi wa dzenje lapoyera: makina amachotsa dothi ndi miyala ya pamwamba mpaka kufika pa malasha, ndipo dzenje limanka likula.

Mwini woyamba wa chiphaso adali Riversdale Mining, kampani ya ku Australia. Mu 2007 idagulitsa magawo 35 pa 100 alionse a Benga kwa Tata Steel ya ku India. Mu 2011 kampani yaikulu ya Rio Tinto idagula Riversdale yonse pa mtengo wa madola pafupifupi 3.7 biliyoni. Malondawo adachitikira kumsika wa masheya ku Australia. Anthu a ku Capanga ndi ku Benga adangomva kuti dzina la pachipata lasintha. Boma la Moçambique silidalandire msonkho wa phindu pa malondawo pa nthawiyo, ndipo nkhaniyi idautsa mkangano ku Maputo. Kuyambira mu 2014 lamulo lidaika msonkho wa magawo 32 pa 100 pa phindu la malonda otere, ngakhale achitikire kunja.

Mu Meyi 2012 Pulezidenti Armando Guebuza adatsegula mgodi wa Benga. Koma mavuto adali atayamba kale. Rio Tinto inkayembekeza kutsitsa malasha pa mabwato akuluakulu mu Zambezi mpaka kunyanja yamchere, koma boma lidakana poopa kuononga mtsinje. Njanji ya Sena inkanyamula matani pafupifupi 6 miliyoni okha pa chaka, ndipo Vale inkafunanso njanji yomweyo. Kampani itaunikanso bwino nthaka idapeza kuti malasha abwino adali ochepa kuposa mmene inkaganizira pogula. Mtengo nawo udayamba kutsika.

Mu Januwale 2013 Rio Tinto idalengeza kuti chuma chake cha ku Moçambique chatsika mtengo ndi madola pafupifupi 3 biliyoni, ndipo mkulu wake, Tom Albanese, adatula pansi udindo. Mu 2014 idagulitsa zonse kwa International Coal Ventures Limited, ICVL, gulu la makampani a boma la India lotsogozedwa ndi kampani ya chitsulo ya SAIL. Mtengo wake udali madola 50 miliyoni. Pa madola 74 alionse amene Rio Tinto idatulutsa pogula, idabwezapo dola imodzi: kugula ng'ombe, n'kugulitsa pa mtengo wa nkhuku. Pa Benga penipeni, ICVL idatenga magawo 65 ndipo Tata Steel idakhalabe ndi 35.

Mlandu wa malondawo udakazengedwa kutali. Mu 2017 bungwe loyang'anira misika ya ndalama ku Britain lidalipiritsa Rio Tinto mapaundi oposa 27 miliyoni chifukwa chochedwa kulemba m'mabuku ake kutsika kwa chumacho. Ku America bungwe la SEC lidasuma kampaniyo chaka chomwecho, ndipo mu 2023 Rio Tinto idavomera kulipira madola 28 miliyoni kuti mlandu uthe. Ndalama zimenezi zidapita ku London ndi ku Washington. A ku Moatize sadali nawo pamlanduwo.

ZAKA ZIWIRI MAKINA ALI ZII

Pofika kumapeto kwa 2015 mtengo wa malasha osungunulira chitsulo udagwa kufika pansi pa madola 80 pa tani. Kukumba ndi kunyamula tani imodzi mpaka ku Beira kunkadya ndalama zoposa zimene ogula ankapereka. ICVL idaimitsa ntchito yokumba ku Benga. Mgodiwo sudatsekedwe, sudagulitsidwe, ndipo chiphaso sichidabwezedwe ku boma. Udangoima. Ntchito idadzayambanso cha kumapeto kwa 2017, mtengo utakwera.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Mgodi woima ndi wosiyana ndi mgodi wotsekedwa. Wotsekedwa uyenera kukwiriridwa kapena kukonzedwa, mitengo n'kubzalidwa, malo n'kubwerera m'manja mwa boma. Woima umakhalabe m'manja mwa mwini chiphaso. Iye amasiyapo alonda ndi amisiri ochepa, amadikira kuti mtengo ukwere kapena kuti apeze wogula. Mlimi amene adachotsedwa pamalopo sangabwererepo kukalima, ngakhale aone kuti palibe galimoto imene ikuyenda. Wantchito amene adalembedwa kudzera m'kampani ina yaing'ono ya kontalakiti ndiye amayamba kuchotsedwa. Amayi ogulitsa chakudya pachipata, eni nyumba za lendi ndi oyendetsa magalimoto onyamula antchito amataya msika tsiku lomwelo. Boma nalo limataya msonkho wa zokumba, chifukwa msonkhowo umawerengedwa pa zimene zatuluka m'nthaka.

Dzenjelo silidikira mtengo wa ku msika. Mapampu akazima madzi a mvula amadzaza. M'miyala ya malasha mumakhala sulufule, ndipo akakumana ndi mpweya ndi madzi amatha kupanga madzi a asidi amene amasungunula zitsulo za m'miyala n'kuzitengera kumitsinje ndi kuzitsime. Milu ya zotsalira za malasha imatha kuyaka yokha mkati, n'kumafuka kwa miyezi. Makoma a dzenje amagumuka. Madzi oima amaswetsa udzudzu, ndipo ana ndi ziweto amagweramo.

MALONJEZO OSINTHA MANJA

Amene adamva kuwawa koposa ndi mabanja osamutsidwa. Anthu a ku Capanga ankakhala m'mphepete mwa Revúboè. Ankalima kawiri pa chaka m'madimba, ankaumba njerwa, ankagulitsa ndiwo zamasamba, mchenga ndi miyala ku Moatize ndi ku Tete. Mabanja mazanamazana adasamutsidwira ku Mualadzi, makilomita pafupifupi 50 kuchokera kwao, kumalo ouma, kutali ndi mtsinje ndi msika.

Ntchito yowasamutsa idayambidwa ndi Riversdale, idapitirizidwa ndi Rio Tinto, ndipo zotsala zidagwera ICVL. Nthawi iliyonse mwini akasintha, nkhope za pamsonkhano zinkasinthanso, ndipo anthu ankayamba kufotokoza madandaulo awo kuyambira pachiyambi: madzi, minda, msewu, ntchito.

Vale nayo idasamutsa mabanja 1,365 pakati pa 2009 ndi 2010, ambiri kupita ku Cateme ndipo ena ku bairro la 25 de Setembro m'tauni ya Moatize. A ku Cateme adadandaula za nyumba zong'aluka, nthaka ya miyala ndi minda yosakwanira mahekitala awiri amene adalonjezedwa. Mu Januwale 2012 anthu pafupifupi 500 adatseka njanji ya malasha, ndipo apolisi adawabalalitsa mwankhanza. Mu Ogasiti chaka chomwecho boma lidatulutsa Decreto 31/2012 yoyendetsa kasamutsidwe ka anthu. Mu 2013 bungwe la Human Rights Watch lidatulutsa lipoti lofotokoza mavuto a chakudya ndi madzi ku Cateme ndi ku Mualadzi.

MWINI AKAGWA, KAPENA AKACHOKA

Ku Moatize komweko kuli chitsanzo china. Mgodi waung'ono wa Minas Moatize, pamalo a migodi yakale ya Chipanga, udagulidwa mu 2010 ndi Beacon Hill Resources, kampani yolembetsedwa kumsika wa masheya ku London. Iyo idatsegula dzenje lapoyera, idagulitsa malasha kwa kanthawi, kenaka idaimitsa ntchito mtengo utagwa. Kumayambiriro kwa 2015 Beacon Hill idalephera kubweza ngongole ndipo idaikidwa m'manja mwa oyang'anira katundu wa makampani akugwa. Zikatere, oyamba kumvedwa ndi amene adabwereketsa ndalama. Mudzi woyandikana ndi dzenje sukhala pa mndandanda wa angongole.

Ngakhale wamkulu wa onse adachoka. Vale idamanga ndi kukonza njanji ya makilomita 912 kuchokera ku Moatize, kudutsa m'Malawi, kulowa m'chigawo chino cha Niassa pa Entre-Lagos, kudzera ku Cuamba mpaka ku doko la Nacala-a-Velha. Mu Januwale 2021 idalengeza kuti ikutuluka m'malonda a malasha. Mu Disembala chaka chomwecho idagwirizana zogulitsa mgodi ndi njanji kwa Vulcan, kampani ya banja la Jindal la ku India, pa madola 270 miliyoni, ndipo malondawo adatha mu Epulo 2022. Chuma chimene chidadya mabiliyoni pomanga chidasintha manja pa kagawo kochepa ka mtengo wake.

Pali chifukwa china chimene makampani akuluakulu akuthawira malasha. Chichokere pangano la ku Paris la 2015 lokhudza kusintha kwa nyengo, mabanki ambiri a ku Ulaya ndi ku Japan adayamba kukana kubwereketsa ndalama za migodi yatsopano ya malasha. Ogula alipobe, makamaka ku India ndi maiko ena a ku Asia, ndipo mu 2022 mtengo udakweranso kwambiri nkhondo ya ku Ukraine itayamba. Koma migodi ikuchoka m'manja mwa makampani otchuka kupita kwa ena amene mabuku awo saonekera poyera kwenikweni. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

KUTSIDYA LA NYANJA: MWABULAMBO

Chitsanzo choyandikana kwambiri ndi moyo wa ku Lago chili kumpoto kwa nyanja yomweyi. Ku Mwabulambo, m'boma la Karonga ku Malawi, kampani ya Eland Coal Mining idayamba kukumba malasha mu 2007, pakati pa midzi ya alimi a mpunga, chimanga ndi chinangwa. Mu 2015 idaleka ntchito n'kuchoka. Lipoti la Human Rights Watch la mu 2016 lidapeza maenje osakwiriridwa odzaza madzi, milu ya malasha yosiyidwa poyera, ndi anthu osauzidwa ngati madzi amene ankamwa ndi kumwetsa ziweto adali abwino. Eni kampaniyo adali kunja, ndipo pamalopo padalibe ofesi yoti munthu akagogode.

Pa nthawiyo Malawi inkayendera lamulo la migodi la 1981, limene silidali ndi mano pa nkhani yotseka mgodi. Lamulo latsopano lidadzabwera mu 2019, maenje atasiyidwa kale. Anthu a ku Karonga amadya usipa womwewo ndi kumwa madzi a nyanja yomweyo imene amamwa a ku Cóbuè, Ngoo, Chia ndi Meluluca. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

LAMULO LIKUTI CHIYANI

Funso lakuti mwini wake ndani lili ndi mayankho atatu, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa.

Loyamba ndi la malasha enieniwo. Ndime 98 ya malamulo aakulu a dziko lino imati chuma chonse cha m'nthaka, cha pansi pa nthaka ndi cha m'madzi ndi cha boma. Mfumu siingagulitse malasha, mwini munda sangagulitse, ndipo kampani sikhala mwini wa malasha amene adakali pansi.

Lachiwiri ndi la malo. Ndime 109 imati nthaka ndi ya boma ndipo siigulitsidwa. Koma lamulo la malo la 1997 lidavomereza kuti mudzi kapena banja limene lakhala pamalo motsata mwambo lili ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, umene umatchedwa DUAT, ngakhale lilibe pepala. Lidavomerezanso umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi. Wolima m'dimba la Lunho kuyambira nthawi ya makolo ali ndi ufulu pamaso pa lamulo.

Lachitatu ndi la chiphaso. Chimene kampani imakhala nacho ndi pepala lochokera ku unduna wa za migodi. Lamulo la migodi nambala 20/2014 lidasiyanitsa chiphaso chofufuzira, chimene chimakhala cha zaka zochepa ndipo sichilola kugulitsa malasha, ndi chiphaso chokumbira, chimene chimatha kufika zaka 25 ndi kuonjezedwanso. Lidati chiphaso sichingasinthe manja popanda chilolezo cha boma. Lidati kampani iyenera kukhala ndi ndondomeko yotsekera mgodi ndi kusungitsa chikole cha ndalama zokonzera malo. Lidatinso pamene anthu akusamutsidwa, chipukutamisozi chiyenera kulembedwa m'pangano la mbali zitatu: boma, kampani ndi mudzi. Decreto 31/2012 idaonjeza kuti pakhale misonkhano ya poyera yosachepera inayi, ndipo moyo wa osamutsidwa ukhale wofanana kapena woposa wakale.

Palinso gawo la msonkho. Kuyambira mu 2013 boma lidayamba kupatula magawo 2.75 pa 100 a msonkho wa zokumba kuti abwerere kumidzi ya kumene kuli migodi. Kusintha kwa lamulo mu 2022 kudaonjezapo magawo 7.25 a chigawo ndi madistrito. Koma gawo la msonkho limadalira zokumba. Mgodi ukaima, gawo la mudzi limaimanso, pamene dzenje lili pomwepo.

Malamulo amasinthidwa nthawi ndi nthawi ku Assembleia da República, ndipo pepala silikwirira dzenje. Nkhani ya Benga idaonetsanso khomo lina: kampani yolembetsedwa ku Maputo ikhoza kukhala ndi dzina lomwelo ndi chiphaso chomwecho, pamene kampani imene ili mwini wake kunja yagulidwa ndi ena. Pachipata sipasintha kanthu, koma amene amalamula ndalama asintha.

CHIFUKWA CHAKE LAGO IYENERA KUTCHERA KHUTU

Ku Moatize kuli njanji ziwiri, ndipo ngakhale zili choncho migodi idaimapo. Ku Maniamba kulibe njanji. Yapafupi imathera ku Lichinga, ndipo idatsegulidwanso mu 2016 itakonzedwa makilomita 262 kuchokera ku Cuamba. Kuchoka ku Lichinga kufika ku Nacala ndi makilomita pafupifupi 800. Malasha a m'chigwa cha Lunho angafunike kukwera phiri pa magalimoto kukafika ku Lichinga, kenaka kuyenda ulendo wonsewo pa sitima. Mgodi wa ulendo wautali chotere umapindula pokhapokha mtengo uli pamwamba, ndipo ndiwo umayamba kuima mtengo ukatsika.

Chachiwiri ndi madzi. Lunho amathira m'nyanja pafupi ndi Messumba, kumpoto kwa Metangula. Chilichonse chimene chingatayikire mumtsinje kumtunda chidzafika kugombe kumene amayi amatunga madzi, kutsuka mbale ndi kuviika chinangwa cha kondowole. Nsomba monga mpasa zimakwera mitsinje nthawi ya mvula kukaswana, ndipo zimafuna madzi oyera ndi mchenga wosakwiririka ndi matope. Usipa, utaka, chambo ndi kampango ndiwo ndiwo ndi ndalama za mabanja a kugombe. Mu 2011 boma lidalengeza mbali ya nyanja ya Niassa ya dziko lino kukhala malo otetezedwa, ndipo chaka chomwecho idalowa m'kaundula wa pangano la Ramsar. Nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 ndipo ili ndi potulukira pamodzi pokha, mtsinje wa Shire. Zolowamo zimakhalitsa kwa mibadwo.

Chachitatu, anthu a ku Lago akudziwa kale zimene kukumba kumasiya. Ku Lupilichi, kumpoto kwa distrito, okumba golide asiya maenje ndi mitsinje ya matope. Amenewo ndi maenje a mafosholo ndi timakina ting'onoting'ono. Dzenje la malasha limatalika makilomita.

MAFUNSO A PAMSONKHANO

Mwayi wa Lago ndi wakuti dzenje silinakumbidwe, ndipo mafunso angathe kufunsidwa nthawi idakalipo. Safunsa adadya phula. Tsiku limene alendo adzafike ndi mapu ku Maniamba kapena ku Lunho, mafumu, makomiti a zachilengedwe, magulu a asodzi, mipingo ndi mizikiti ali ndi ufulu wofuna mayankho olembedwa pa zinthu izi.

Chiphasocho ndi chofufuzira kapena chokumbira, nambala yake ndi iti, ndipo chidzatha liti? Ziphaso za migodi zimalembedwa mu Cadastro Mineiro, kaundula amene aliyense angaone pa intaneti, ndipo zimalengezedwa mu Boletim da República. Mphunzitsi kapena wachinyamata wa foni ya intaneti angathe kuthandiza mudzi kutsimikiza.

Kampaniyo eni ake ndani, ndipo ali kudziko liti? Dzina la pa galimoto silikwanira.

Chikole chokonzera malo ndi ndalama zingati, chasungidwa kuti, ndipo angachitulutse ndani kampani ikagwa?

Mgodi ukaima miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, ndani adzapopa madzi, kutchinga dzenje ndi kuyeza madzi a Lunho? Zotsatira za kuyezako zidzawerengedwa kuti, ndipo m'chinenero chanji? Chipwitikizi chokha sichifika kwa agogo a ku Chia ndi ku Mbueca. Chinyanja ndi Chiyao ziyenera kumveka pamsonkhano ndi pa wailesi.

Malonjezo a sukulu, chipatala, mjigo ndi minda alembedwa m'pangano limene lidzamange aliyense wogula mgodiwo mtsogolo, kapena ndi mawu a pansi pa mtengo?

Osamutsidwa adzalandira minda ndi madzi asanachoke, kapena atachoka kale? Msodzi wochotsedwa kugombe n'kupatsidwa nyumba ya malata kumtunda walandira denga, koma wataya ngalawa yake.

Palibe amene angatsutse kuti Lago ikufuna ntchito, misewu ndi magetsi. Migodi ya ku Tete yalemba anthu zikwizikwi, ndipo malasha akhala m'gulu la katundu wobweretsa ndalama zakunja zambiri m'dziko lino. Koma mbiri ya zaka makumi awiri zapitazi ikuonetsa kuti makampani amabwera mtengo ukakwera ndipo amachoka ukatsika. Benga idasintha eni kawiri pakati pa 2011 ndi 2014, idaima zaka ziwiri, n'kuyambanso. Mabanja a ku Capanga adakali ku Mualadzi. Malasha a ku Lunho akhala pansi zaka 250 miliyoni ndipo saola. Angathe kudikira mpaka mayankho atalembedwa ndi kusainidwa.